Mazenera a kale pa makompyuta otayidwa: MGR, GEM, GEOS, X kapena rio?

Kuseri kwa kauntala mu shopu yanga yokonzera mafoni ndi makompyuta, pano pa boma la Kasungu, kunali makompyuta atatu amene eni ake anawataya. Yoyamba ndi 286 ya RAM ya 1 MB, imene inkawerengera malipiro a matenanti pa esiteti ina ya fodya njira ya ku Santhe. Yachiwiri ndi 486 DX2 ya 66 MHz ndi RAM ya 8 MB, yochokera mu ofesi ya parishi ina. Yachitatu ndi Pentium III ya 128 MB imene sukulu ina inaichotsa italandira zatsopano. Zonse zinkayaka. Chimene ndakhala ndikulimbana nacho ndi chakuti pa sikirini pake payenera kuoneka chiyani.

Nkhaniyi inakula tsiku limene aphunzitsi ena opuma pantchito, a kufupi ndi Chulu, anafika ndi makope atatu a mbiri ya mudzi wawo olembedwa ndi bolopeni. "Mwana wanga," anatero, "ndipezere chondilembera basi. Za Facebook ndilibe nazo ntchito. Koma ukandipatsa makina osadziwa kulemba Malaŵi ndi kachisoti kake pa w, ndidzakubwezera." Ndinawalonjeza kuti ndiyesa njira zonse zimene ndikuzidziwa, ndipo zimene ndinapezazo ndi zimene ndikulemba pano.

Zimene tikuyerekezazi ndi mapulogalamu amene amagawa sikirini m'timazenera, n'kulola mausi kusankha ndi kusuntha timazenerato. Ambiri a ife tinakula tikudziwa Windows yokha, choncho timaganiza kuti mazenera anayamba ndi Microsoft. Si choncho. Windows 1.0 inatuluka mu Novembala 1985, ndipo inapeza anzake atayamba kale. Ena mwa iwo anali opepuka kwambiri moti lero ndi amene angadzutse makina amene Windows yamakono singawayang'ane n'komwe.

Musanaike chilichonse

Tsegulani bokosi kaye. Ma bodi ambiri a 386 ndi 486 ali ndi kabatire kooneka ngati kambiya kowotcherera pa bodi. Kakakalamba kamatulutsa madzi amene amadya timizere ta kopa, ndipo mudzaona zobiriwira zitayanga mozungulira. Kaduleni, pukutani pamalopo ndi vinega pang'ono kenako sipiriti, ndipo dikirani paume. Ma Pentium ambiri ali ndi batire yaphwatalala ya CR2032, imene ogulitsa mawotchi mumsika ali nayo. Ma bodi ena ali ndi kabokosi kakuda kolembedwa Dallas DS1287, kamene batire yake inatsekeredwa mkati. Kameneko kakatha mphamvu, kompyuta imaiwala tsiku ndi mtundu wa hadi disiki nthawi iliyonse mukaizimitsa.

Fumbi la kuno la Seputembala ndi Okutobala ndi mdani wina. Chotsani lonse pa fani ndi mu pawa sapulayi musanayatse.

Hadi disiki ya zaka makumi atatu musaikhulupirire. Pali kachida kotchipa kamene kamalumikiza khadi la CompactFlash pa waya wa IDE, ndipo kompyuta imaliona khadilo ngati hadi disiki. Ubwino wake ndi wakuti mutha kulizula, kuliika mu chowerengera makhadi pa laputopu, n'kukopera mafayilo osavutika ndi ma floppy. Dziwani kuti BIOS ya makina ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 1994 imaona 504 MB zokha, ndipo gawo limodzi la FAT16 silipitirira 2 GB. Khadi laling'ono ndi limene likuyenerani. Ndipo ngati muli ndi laputopu, yesani kaye zonse mu pulogalamu yotsanzira makina akale yotchedwa 86Box, kuti mudziwe chimene chikukanika musanavutitse makina enieniwo.

MGR: wokongola, koma wovuta kumudzutsa

Ndiyamba ndi amene ndimamukonda, ngakhale si amene ndinapatsa aphunzitsi.

MGR, chidule cha ManaGeR, inalembedwa mu 1984 ndi Stephen Uhler ku Bellcore, m'dziko la America, ndipo poyamba inali ya makompyuta a Sun. Pambuyo pake anthu anaisamutsira ku Atari ST, ku Macintosh, ku Minix, ku Coherent, ku FreeBSD ndi ku Linux. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene RAM inali yodula ndipo X, pulogalamu ya mazenera ya Unix ndi Linux, inkalemera pa 386 ya 4 MB, MGR ndi imene inkapatsa anthu a Linux mazenera popanda kutsamwitsa makina.

Nzeru yake ndi iyi. Zenera lililonse la MGR ndi teminolo, malo olembapo malamulo ndi kulandira mayankho. Pulogalamu ikafuna kujambula mzere, kusintha zilembo, kutsegula menyu kapena kufunsa pamene pali mausi, siifuna njira yapadera ayi. Imangolemba timalemba tobisika toyamba ndi chizindikiro cha ESC pakati pa mawu ake wamba, ndipo MGR imatiwerenga n'kuchita zimene tanena. Mayankho amabwerera ku pulogalamuyo ngati kuti munthu wawalemba pa kiyibodi. Zotsatira zake n'zakuti chilichonse chotha kulemba mawu chithanso kujambula, ngakhale kasikiripiti ka mizere khumi. Ndipo pulogalamuyo siiyenera kukhala pa kompyuta yomweyo. Ikhoza kukhala pa makina ena kutsidya kwa chipinda, olumikizidwa ndi waya wa serial chabe.

Apa ndi pamene ndinakhala nthawi yaitali. Ndinatenga waya wa null modem n'kulumikiza 486 ndi Pentium III. Pa liwiro la 9600 baud, waya umanyamula zilembo pafupifupi 960 pa sekondi. Chithunzi chathunthu pa liwiro limenelo chingakudikiritseni mpaka nsima kuzizira, koma lamulo lakuti "jambula mzere kuchokera apa kukafika apo" ndi zilembo zochepa chabe. Mnyamata amene ndimamuphunzitsa ntchito anaona mizere ikubadwa pa sikirini ya 486 pamene pulogalamu ikuyenda pa Pentium, ndipo anandifunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti chithunzi sichikudutsa mu waya?" Ndinamuyankha kuti ayi, chikudutsa ndi uthenga wonena za chithunzicho. Tsiku limenelo anamvetsa chinthu chimene ambiri amachiloweza osachimvetsa: kusiyana kwa makina opempha ndi makina otumikira.

Tsopano mavuto. MGR inalembedwa mu C yakale, isanakhazikitsidwe miyezo ya masiku ano. GCC 14, ya 2024, imakana zinthu zingapo zimene makompayila akale ankangochenjeza n'kupitirira, monga kuitana fankishoni imene sinalengezedwe. MGR imayembekezanso ma teminolo onamizira a kachitidwe ka BSD, aja a mayina ngati /dev/ptyp0, pamene Linux ya lero imagwiritsa ntchito /dev/pts. Ndipo imafuna kulankhula ndi khadi la VGA mwachindunji. Choncho muli ndi njira ziwiri: kukonza kodi mzere ndi mzere kuti igwirizane ndi Linux yatsopano, kapena kuika Linux ya nthawi yakeyo, monga Slackware ya pakati pa zaka za m'ma 1990 yokhala ndi kernel 1.2 kapena 2.0. Pa 486 ine ndinasankha yachiwiri. Inanditengera madzulo angapo, ndipo ambiri anathera pa mausi: MGR imafuna kuuzidwa mtundu wa mausi ndi doko limene ili, ndipo inapangidwira mausi ya mabatani atatu.

Mukafika pamenepo mupeza wotchi, teminolo, timasewera, tizida tojambulira, zonse zakuda ndi zoyera pokhapokha mutapeza MGR yoonetsa mitundu ina. Simupeza cholembera makalata chooneka ngati pepala. Mulemba mu vi kapena mu edita ina ya mawu okhaokha. Kwa wophunzira kapangidwe ka makompyuta, palibe chofanana nayo pa mndandanda uno, chifukwa yonse ndi yaing'ono moti munthu mmodzi atha kuiwerenga n'kuimvetsa. Kwa munthu wa makope atatu a mbiri, ayi. Ndipo 286 ija yatsala kale, chifukwa ngakhale Linux yakaleyo imafuna 386 kupita m'mwamba.

GEM: wa makina ofooka kwenikweni

GEM inachokera ku Digital Research, kampani ya Gary Kildall, ndipo inatuluka mu Febuluwale 1985. Inkafanana kwambiri ndi Macintosh moti Apple inadandaula, ndipo GEM yachiwiri ya pa PC inadulidwa mapiko: desikitopu yake inatsala ndi mazenera awiri osasuntha. Pa Atari ST inakhalabe yamphumphu. Ku Ulaya anthu ambiri anaidziwira pa Amstrad PC1512 ya 1986, ndipo Ventura Publisher, imene inkasanja mabuku ndi manyuzipepala, inamangidwa pa GEM. Mu 1999 kampani ya Caldera inamasula kodi yake pansi pa laisensi ya GPL. Kuchokera apo kunabadwa FreeGEM ndi OpenGEM, zimene zinabwezeretsa mazenera osuntha aja.

GEM imakwera pamwamba pa DOS, pulogalamu yakale yoyendetsa kompyuta polemba malamulo. Pa ife, DOS imeneyo ndi FreeDOS, yaulere, imene Jim Hall anaiyambitsa mu 1994 ndipo mtundu wa 1.4 unatuluka mu 2025. Mumaika FreeDOS, dalaivala ya mausi yotchedwa CuteMouse, kenako OpenGEM. Ntchito ya ola limodzi, ndipo pa 286 ija inayenda mosajejema, mu 640 KB zoyambazo.

Malire ake musawaiwale. GEM ya pa PC imayendetsa pulogalamu imodzi nthawi imodzi, kuphatikiza tizida ting'onoting'ono monga kakyuleta ndi wotchi. Mukatsegula pulogalamu ya DOS wamba, GEM imachoka, n'kubwerera mukatseka. Ndi chitseko chabwino cholowera m'mafayilo, ndipo mwana wa sitandade 5 angaphunzirepo kugwira mausi ndi kujambula. Koma zolembera zake n'zosauka poyerekeza ndi zimene zikubwerazi. Ngati zimene muli nazo ndi 8086 kapena 286, musadandaule za zimene simungathe. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ikani GEM.

GEOS: amene anandidabwitsa

PC/GEOS inatuluka mu 1990 ndi dzina la GeoWorks Ensemble, kuchokera ku kampani ya Brian Dougherty imene poyamba inkatchedwa Berkeley Softworks. Ambiri mwa kodi yake analemba mu assembly, chilankhulo choyandikana kwambiri ndi makina, ndipo n'chifukwa chake inkatha kuyendetsa mapulogalamu angapo nthawi imodzi pa 286, ngakhalenso pa XT, kompyuta ya IBM yakale kuposa 286, pamene Windows 3.0 ya chaka chomwecho inkafuna makina amphamvu kuti ichite zofananazo. Zilembo zake zimakula ndi kuchepa popanda kuphwanyika, ndipo zimene mukuona pa sikirini ndi zimene zimatuluka pa pepala, ngakhale pa pulinta ya singano. Pambuyo pake inagulitsidwa ngati NewDeal Office, makamaka kwa anthu ndi masukulu okhala ndi makompyuta akale, kenako ngati Breadbox Ensemble. Foni ija ya Nokia 9000 Communicator ya 1996 inalinso ndi GEOS mkati. Mu 2018 kodi yake inamasulidwa pansi pa laisensi ya Apache 2.0, ndipo anthu akuikonzabe.

Pa 486 ya 8 MB, GEOS imathamanga ngati makinawo ndi atsopano. Muli cholembera chokhala ndi mitu, mizati ndi manambala a masamba, muli chojambulira, muli cha matebulo owerengera. Sikirini imaoneka ngati pepala loyera, ndipo munthu amene anazolowera taipi yakale sasochera. Aphunzitsi atakhala pampando anayamba kulemba ndisanamalize kuwafotokozera.

Zopunthwitsa zilipo ziwiri. Choyamba, GEOS imatsegula mafayilo ambiri nthawi imodzi, ndiye mu CONFIG.SYS, kapena FDCONFIG.SYS ngati ndi FreeDOS, kwezani nambala ya FILES ifike pa 100 kapena kuposa. Chachiwiri, imalankhula ndi DOS kudzera mu dalaivala ya mafayilo yotchulidwa mu GEOS.INI, ndipo ikasankha yosagwirizana ndi DOS yanu imakana kuyamba. Mukaona ikufa pakhomo, yang'anani pamenepo poyamba. Mtundu waulerewu unachokera ku mitundu yakumapeto, choncho malo ake abwino ndi 386 kapena 486.

Palinso ili: mafayilo a GEOS ndi a GEOS yokha. Foni yanu kapena Word sizingawatsegule. Chizolowezi chikhale chakuti mukamaliza mutu uliwonse, tulutsaninso kope la mawu wamba a ASCII, zilembo zokhazokha zimene kompyuta iliyonse imawerenga, n'kulisunga pambali.

Apa nditchule ena awiri mwachidule, chifukwa wina adzafunsa. Visi On ya VisiCorp, ya 1983, inatsogolera Windows, koma imafuna mausi ya mtundu wake ndipo ili ndi mapulogalamu ochepetsetsa. Ndi yoonera mbiri basi. DESQview/X ya Quarterdeck, ya 1992, inabweretsa X pa DOS, koma sinamasulidwe ngati zinazi. Zonse ndinazisiya.

X ndi oyang'anira mazenera opepuka

X si yosadziwika, koma ndi ya msinkhu womwewo. Inayambira ku MIT mu 1984, Bob Scheifler ndi Jim Gettys akutsogolera, ndipo dzina lake linabwera chifukwa inalowa m'malo mwa ina ya ku Stanford yotchedwa W. Mtundu wa X11 unatuluka mu 1987 ndipo ukugwirabe ntchito. X payokha siinena mmene zenera lionekere. Ntchito imeneyo ndi ya pulogalamu ina yoyang'anira mazenera, ndipo apa ndi pamene mumasankha kulemera kapena kupepuka. twm ya Tom LaStrange ndi ya 1987. FVWM ya Robert Nation ndi ya 1993. IceWM ndi JWM zili ndi kamzere pansi ndi batani la menyu, moti wozolowera Windows amamva ngati ali kwawo.

Pa Pentium III ya 128 MB ndinayesa Tiny Core Linux, imene imanena kuti 46 MB ndi 486DX zikukwanira kuti iyambe, ngakhale pa ntchito yeniyeni mufunika zoposa apo. Imagwiritsa ntchito X yochepetsedwa ndipo imakhala yonse mu RAM. antiX ndi yathunthu kuposa apo, koma imafuna 256 MB. Dziwaninso kuti Debian 13, ya 2025, inasiya kupereka choikira ndi kernel ya ma PC a 32-bit ngati amenewa, ndiye njira zikuchepa chaka ndi chaka.

Za intaneti musayembekezere zambiri. Firefox yamakono imafuna malamulo a purosesa otchedwa SSE2, amene Pentium 4 ili nawo koma Pentium III ilibe. Dillo, NetSurf ndi Links zimatsegula masamba a mawu, koma masamba olemera ndi JavaScript amazikanika. Foni ya m'thumba mwanu ichita bwino ntchito imeneyo.

Pa 486 ya 8 MB, X yakale ya XFree86 3.3.6 ndi twm imayamba, koma mukatsegula mazenera atatu hadi disiki imayamba kulira chifukwa RAM yatha. Pamenepo MGR ndi GEOS zimaiposa kutali. Chenjezo limodzi: poika XFree86 mumalemba nokha liwiro limene monita imalandira. Monita yakale ya chigubu yodziwa liwiro limodzi ikapatsidwa loposa mphamvu yake ikhoza kupsa. Werengani kachikwangwani kakumbuyo kwake musanalembe nambala.

rio: kwawo kwa UTF-8

Plan 9, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse monga Linux, inapangidwa ku Bell Labs ndi gulu lomwe linapanga Unix. Mazenera ake oyamba ankatchedwa 8½, a Rob Pike, ndipo analowedwa m'malo ndi rio. Mu 2021 umwini wake unaperekedwa ku Plan 9 Foundation pansi pa laisensi ya MIT, ndipo nthambi yotchedwa 9front ndi imene imagwirizana ndi makina ambiri.

rio ilibe tizithunzi, ilibe kamzere pansi. Mumaona sikirini yotuwa yopanda kanthu. Mukadina batani lachitatu la mausi mumasankha New, kenako mumakoka bokosi pamene mukufuna zenera. Popanda mausi ya mabatani atatu mudzavutika. Ndi yachibale cha MGR m'maganizo: yaing'ono, yoyera, ndipo mutha kuyendetsa rio ina mkati mwa zenera la rio. Pa Pentium III imauluka. Koma mapulogalamu ake ndi ake okha, ma edita ake a sam ndi acme amafuna kuphunzira kuyambira pansi, ndipo khadi lanu la netiweki likhoza kukhala losadziwika kwa iyo.

Chifukwa chimene ndaiikira pano ndi nkhani ya aphunzitsi ija.

Kachisoti ka ŵ

Manyuzipepala ambiri anasiya kulemba ŵ, ndipo inenso pano sindikumulemba m'mawu onse. Koma kuno ku Kasungu mukamvetsera agogo akulankhula mudzamva kusiyana kwa w wa "wanga" ndi ŵ wa "kudziŵa". Aphunzitsi anaphunzitsa ana kulemba chilembo chimenecho zaka zambiri, ndipo m'mayina a anthu ndi malo a m'makope awo chilipo. Kuwauza kuti achisiye kukanakhala kuwauza kuti asinthe mbiri kuti igwirizane ndi makina.

Vuto lake ndi la manambala. Makina a DOS amasunga chilembo chilichonse mu byte imodzi, ndiye malo alipo 256 okha. Mndandanda wa 437, wa ku America, ndi wa 850, wa kumadzulo kwa Ulaya, mulibe ŵ. Wa Windows 3.1 wotchedwa 1252 mulibenso. Chimapezeka mu ISO 8859-14, umene unapangidwira zilankhulo za Aselote, chifukwa anthu a ku Wales nawonso amalemba ŵ, koma mndandanda umenewo unabwera mochedwa ndipo mapulogalamu akalewa saudziwa. Choncho GEM, GEOS wamba ndi MGR zonse zimalephera mayeso a aphunzitsi.

Pa MGR ndi GEM pali chinyengo chimene anthu amachita: zilembo zake ndi timadontho, ndiye mutha kutenga chilembo chimene simuchigwiritsa ntchito n'kuchijambulanso kuti chioneke ngati ŵ. Pa sikirini yanu chioneka bwino. Koma mu fayilo nambala ndi ya chilembo chakale chija, ndipo mukatumiza fayiloyo ku foni ya mdzukulu wanu ku Lilongwe, iye aona china. Ndi chikomekome cha mkuyu.

Mu Unicode, ŵ ndi nambala 0175 ndipo Ŵ ndi 0174, powerenga mwa hex. UTF-8, njira yosungira manambala amenewa imene pafupifupi intaneti yonse ikugwiritsa ntchito lero, anaipanga Ken Thompson ndi Rob Pike mu 1992, ndipo Plan 9 ndi imene inayamba kuigwiritsa ntchito ponseponse. Mu rio mumadina Alt, kenako X, kenako 0175, ndipo ŵ amabadwa. Mu X ya Linux yamakono, mukasankha batani limodzi kukhala Compose, mumadina batanilo, kenako ^, kenako w. Awiriwa ndi amene amapambana mayesowa popanda chinyengo.

Kwa otsalawo pali njira yachilungamo. Lembani w^ paliponse pofunika ŵ, ndi W^ pa wamkulu. Mukatulutsa kope la ASCII n'kulitengera pa kompyuta ya Linux, lamulo limodzi la pulogalamu yosintha mawu yotchedwa sed, lakuti sed 's/w^/ŵ/g; s/W^/Ŵ/g' limasintha zonse. Pa Word mungachitenso chimodzimodzi ndi kusaka n'kusintha, kungoti pamenepo ^ ali ndi tanthauzo lapadera ndiye mumamulemba kawiri posaka. Chizindikiro cha mu ng'ombe ndi ng'oma, mwamwayi, chili mu ASCII ndipo sichivuta pa makina aliwonse.

Magetsi akazima pakati pa chiganizo

Amene analemba mapulogalamuwa sankaganiza za munthu wa ku Chulu wodalira sola ndi batire ya galimoto. Ife tiyenera kuganizira, ndipo apa mndandanda umatembenuka.

DOS ndi imene imapirira bwino. Imalemba fayilo n'kukhala chete, choncho magetsi akapita mumataya zokhazo zimene simunasunge, malinga ngati simunaike pulogalamu yochedwetsa kulemba pa disiki monga SMARTDRV. GEM imalandira mwayi womwewo. GEOS imasunga mafayilo angapo ali otsegula, ndipo ikazimitsidwa mwadzidzidzi imakufunsani poyambanso ngati mukufuna kuyamba mwatsopano; nthawi zambiri mumabwerera bwino, koma kope la ASCII lija ndi limene limakugonetsani tulo.

Linux yakale ya MGR imagwiritsa ntchito ext2, imene ilibe kaundula wa zimene inali pakati polemba. Magetsi akazima, poyambanso imafufuza disiki yonse, ndipo nthawi zina imakupemphani kuti mukonze nokha. ext3, imene inathetsa vutoli, inalowa mu kernel mu 2001, mochedwa kwa Slackware ya nthawi ya MGR. Plan 9 imafuna kuti mulembe fshalt musanazimitse, ndipo kuzima kwadzidzidzi kukhoza kuwononga mafayilo. Tiny Core, pokhala mu RAM, siivulala, koma imakopera mafayilo anu ku disiki pozimitsa kapena mukailamula. Ngati simunakonze zoti foda yanu ikhale pa disiki penipeni, ntchito ya tsiku lonse imapita ndi magetsi.

Ndipo monita ya chigubu imadya magetsi ochuluka kuposa LCD ya kukula komweko. Pa sola yaing'ono, pezani LCD yakale yokhala ndi doko la VGA. Makina onsewa amalankhula nayo pa 640 ndi 480.

Zimene zinapita kuti

286 ili ndi FreeDOS ndi OpenGEM, ndipo ana a oyandikana nawo amabwera kudzajambulapo akaweruka kusukulu. Pentium III ndinaigawa pawiri, mbali ina Tiny Core, mbali ina 9front, ndipo ndi imene imasandutsa w^ kukhala ŵ. MGR ili pa khadi lake la CompactFlash mu diroo, ndipo Loweruka masana, shopu ikazizira, ine ndi mnyamata uja timaliika mu 486 ina imene ndinaipeza pambuyo pake n'kupitiriza kuwerenga kodi yake. Pakali pano tikuyesa kuiphunzitsa /dev/pts.

Aphunzitsi ndinawaikira njira ziwiri patsogolo: Pentium III yokhala ndi ŵ weniweni koma yofuna kusamala pozimitsa, kapena 486 ya GEOS yokhala ndi pepala loyera ndi w^. Analemba chiganizo chimodzi pa iliyonse, nakhala chete pang'ono. Kenako analoza 486. "Iyi ikundionetsa tsamba," anatero. "Kachisotiko ndizikaika pambali pa w, iwe uzikakweza pamutu." Tinaikweza pa kabaza pamodzi ndi LCD ya mainchi 15, nditawalembera papepala mmene angatulutsire kope la ASCII.

Amabwera kamodzi pamwezi, tsiku lolandira penshoni, khadi la CompactFlash atalikulunga mu kansalu. Ndimakopera mafayilo, kuyendetsa sed, kusindikiza masamba atsopano n'kuwapatsa kuti akawerenge ndi bolopeni yofiira. Afika pakati pa kope lachiwiri, pa mutu wa njala ya 1949.